Mwalandira mpamba wa mwamuna, bwanji mukumanga manja a mkazi wake?

Dziko la South Africa likamaitana anthu a bizinesi ochokera kunja silibisa chimene likufuna. Munthu abwere ndi mpamba wosachepera R5 miliyoni, ndalama zoposa madola 250,000 a ku America. Pa antchito 100 alionse amene awalembe, 60 akhale nzika za dzikolo kapena anthu amene ali ndi chilolezo chokhazikika. Alembetse bizinesiyo ku bungwe lotolera misonkho la SARS, antchito awalembetse ku thumba la UIF lothandiza otha ntchito, ndipo unduna wa zamalonda ndi mafakitale upereke kalata yovomereza kuti bizinesiyo ipindulira dziko. Akakwaniritsa zonsezi amalandira viza ya bizinesi ya zaka zosapitirira zitatu. Pamenepa ine ndilibe nawo mlandu. Mwini mudzi ali ndi ufulu wofunsa mlendo chimene wabwera nacho. Mlandu wanga uli pa munthu wachiwiri amene amatsika ndege yomweyo pabwalo la OR Tambo, atagwira ana kumanja, yemwe ndi mkazi wa mwini bizinesiyo.

Mayi ameneyu, kapena bambo ngati mwini bizinesi ndi mkazi, lamulo la zolowa ndi kutuluka la 2002 limamuika m'gulu la alendo odzacheza, pansi pa ndime 11. Amapatsidwa viza yoperekeza, ya zaka zosapitirira zitatu, yotsamira pa viza ya mnzake. Viza imeneyi silola kugwira ntchito. Ndipo lamulolo likamati ntchito silinena yolandira malipiro yokha. Limaphatikiza chilichonse chimene munthu amachita poyendetsa bizinesi, komanso chilichonse chogwirizana ndi ntchito imene anaphunzira, kaya akulipidwa kaya sakulipidwa. Choncho mayi amene wabwera ndi viza yoperekeza sangalembedwe ntchito pakampani, sangatsegule saluni, sangasoke zovala zogulitsa, ndipo ngakhale mubizinesi ya mwamuna wake yemwe sangakhale pakauntala. Ine ndikuti lamulo limeneli ndi loipa, limaononga mabanja, ndipo silipindulira ngakhale anthu a ku South Africa amene akuti likuwateteza.

Tiyerekeze ndi banja la ku Blantyre lomwe lili ndi kampani ya malole onyamula katundu pakati pa Durban ndi Malawi. Bambo ndi amene amadziwa madalaivala, misewu ndi zochitika pachipata cha Mwanza ndi cha Beitbridge. Mayi ndi akauntanti, ndipo chiyambire bizinesiyo mabuku onse akhala m'manja mwawo. Kuti mpamba ukwane R5 miliyoni, agulitsa nyumba imene anamanga limodzi ndipo awonjezera ndalama zimene mayiyo anasunga pa ntchito yawo yakale. Afika ku Johannesburg, achita lendi ofesi, agula makompyuta. Tsiku loyamba ntchito, bambo akukhala pampando, pomwe mayi, amene theka la ndalamazo ndi thukuta lawo, lamulo likuwauza kuti asagwire ngakhale risiti imodzi. Banjalo lilembe akauntanti wina n'kumamulipira mwezi ndi mwezi, pamene wodziwa bwino mabuku a kampaniyo ali kunyumba kudikira kuti ana aweruke kusukulu.

Amene sanakhalepo m'moyo wotere angaganize kuti ndi mpumulo wokoma. Koma taganizani za m'mawa wa mayi ameneyu. Bambo atuluka, ana apita, chitseko cha fulati chatsekedwa. Anzawo onse ali ku Malawi, ndipo oyandikana nawo ali kuntchito. Foni ilira, ndi amayi awo kumudzi ku Ntcheu, akunena kuti mvula yayandikira. Kale mayiyu akanangotumiza ndalama pa foni tsiku lomwelo osafunsa munthu. Lero adikira mpaka madzulo, aone kaye nkhope ya mwamuna wawo ngati tsiku layenda bwino, kenaka ayambe motsitsa mawu kuti, "Bambo, amayi anaimba. Akuti mbewu agula, koma feteleza palibe." Mwamuna wabwino apereka mosanyinyirika. Komabe munthu amene anazolowera kuthandiza makolo ake ndi dzanja lake, akafika popempha ndalama ya sopo, ya mafuta odzola ndi ya chopereka cha kutchalitchi, ulemu wake umachepa tsiku ndi tsiku ngakhale pasakhale womunyoza.

Akuluakulu a unduna woona zolowa ndi kutuluka wa Home Affairs angayankhe kuti khomo silinatsekedwe. N'zoona kuti malamulo amene anayamba kugwira ntchito pa 26 May 2014 amalola mkazi kapena mwana woperekeza mwini viza ya bizinesi kapena ya ntchito kupempha viza ya ntchito kapena ya sukulu ali m'dziko momwemo, osabwerera kaye kwawo. Ndi chinthu chabwino ndipo ndikuchiyamikira. Koma tiyeni tiliyang'ane khomolo. Mayiyo ayenera kupeza kaye bwana wovomera kumulemba ntchito asanakhale ndi chilolezo. Masatifiketi ake a ku Malawi apite ku bungwe la SAQA kuti akawayeze. Ngati ndi namwino alembetse ku khonsolo ya anamwino ya SANC, ngati ndi mphunzitsi ku khonsolo ya aphunzitsi ya SACE. Afune makalata a polisi ndi a dokotala. Kuyambira October 2024 pali ndondomeko ya mapointi, imene imafuna kuti munthu akwanitse mapointi 100 powerengera maphunziro ake, malipiro amene walonjezedwa, zaka zimene wagwira ntchito ndi zina zotero.

Ndondomeko imeneyi inapangidwira munthu amene akali kunja ndipo akupempha kulowa m'dziko chifukwa cha ntchito. Mayi woperekeza uja analowa kale, boma linamufufuza kale, ndipo lendi akulipira m'dziko momwemo. Kumuyeza pa sikelo yomweyo n'kumuuza kuti zaka zitatu zimene aloledwa kukhala zithere pa mzere wa mapepala. Ndipo mzerewo si waufupi. Pamene Leon Schreiber ankalowa unduna wa Home Affairs mu 2024, anapeza mapempho a maviza ndi zilolezo oposa 300,000 ataunjikana osayankhidwa. Boma linagwira ntchito yaikulu kuchepetsa muluwo, koma bwana wa sukulu amene akufuna mphunzitsi wa masamu teremu ikubwerayi sangadikire miyezi yosadziwika. Alemba wina. Namwino amene wakhala zaka zitatu osagwira jakisoni, kapena katswiri wa makompyuta amene wakhala zaka zitatu kunja kwa ntchito, akabwerera kwawo amapeza anzake anapita patsogolo kalekale. Chimene lamuloli limalanda si malipiro a lero okha, limalandanso ntchito ya mawa ndi penshoni ya ukalamba.

Choopsa kwambiri chimaoneka banja likayamba kugwedezeka. Si mabanja onse amene amayenda bwino, ndipo moyo wa kudziko la eni umayesa ngakhale banja lolimba. Kumudzi, mwamuna akayamba nkhanza, mkazi amadziwa kolowera. Amaitana ankhoswe, amapita kwa malume ake, akatopa amanyamula ana n'kubwerera kwa makolo. Ku Johannesburg ankhoswe ali kutali makilomita oposa 1,000, ndalama ya basi ili m'thumba la mwamuna yemweyo, ndipo chilolezo chokhalira m'dziko chaima pa ukwati womwewo. Ukwati ukatha, maziko a viza yoperekeza atha. Mwamuna wankhanza amadziwa zimenezi bwino lomwe, ndipo safunika kukweza dzanja kuti amuopseze mkazi wake. Amangonena kuti, "Ukandichititsa manyazi, sindikusainira mapepala." South Africa ndi dziko limene atsogoleri ake amalankhula kawirikawiri za kuthana ndi nkhanza za m'banja. Sizikugwirizana kuti dziko lomwelo lizipereka m'manja mwa mwamuna chida champhamvu chotere.

Ngakhale popanda nkhanza, tsoka silipempha chilolezo. Bizinesi itha kugwa. Mwini viza atha kudwala kapena kumwalira pangozi ya pamsewu. Zikatero, mayi wamasiye amene ana ake ali pakati pa chaka cha sukulu amapezeka kuti chimene chinamulola kukhala m'dzikomo chapita limodzi ndi mwamuna wake, ndipo alibe ufulu wogwira ntchito kuti alipire lendi ya mwezi womwewo. Akachedwa kutuluka viza itatha, chilango n'chodziwika: wopyola masiku osapitirira 30 amaletsedwa kulowanso kwa chaka chimodzi, wopyola masiku oposa 30 amaletsedwa zaka zisanu. Munthu amene analowa mwalamulo ndipo sanabe kanthu amasanduka wosafunika m'dziko momwe muli katundu wa banja lake ndi ndalama zimene anathandiza kupeza. Lamulo lamutenga ngati sutikesi ya mwamuna wake, yolowa ndi mwini wake ndi kutuluka ndi mwini wake.

Chodabwitsa n'chakuti makhoti a ku South Africa anaunika kale nkhani zofanana ndi imeneyi ndipo anaweruza momveka. Mu 2000, pa mlandu wa Dawood, khoti lalikulu loona za malamulo oyendetsera dziko linagamula, kudzera mwa Jaji Kate O'Regan, kuti ufulu wa mwamuna ndi mkazi wokhalira limodzi ndi gawo la ulemu wa umunthu umene malamulo a dzikolo amateteza. Mu 2003, pa mlandu wa Watchenuka, wokhudza mayi wa ku Zimbabwe wopempha chitetezo, khoti la apilo linati ulemu wa munthu suyendera dziko limene wachokera, ndipo kugwira ntchito ndi mbali ya ulemu umenewo. Mu 2019, pa mlandu wa Nandutu, khoti linathetsa lamulo lokakamiza mlendo wokwatirana ndi nzika kutuluka kaye m'dziko kuti akasinthe viza. Mu December 2023, pa mlandu wa Rayment, Jaji Wamkulu wa nthawi imeneyo, Raymond Zondo, anagamula kuti kholo lachilendo la mwana amene ndi nzika lisathamangitsidwe kapena kuletsedwa ntchito chifukwa choti ukwati watha.

Milandu yonseyi ikuloza kumodzi: banja si chinthu choti boma lizisewera nacho, ndipo munthu asataye njira yodyetsera ana ake chifukwa cha zimene zachitika m'chipinda chogona. Koma zigamulozi zinathandiza makamaka alendo amene ali pabanja ndi nzika kapena ndi anthu okhazikika, ndi amene ana awo ndi nzika. Mlendo wokwatirana ndi nzika ali ndi ndime 11(6), imene imamulola kupempha kuti viza yake ilembedwe chilolezo cha ntchito, cha bizinesi kapena cha sukulu popanda kudutsa mayeso onse aja. Mkazi wa mwini viza ya bizinesi alibe mwayi umenewu. Ndikufunsa: ulemu wa mayi wa ku Lilongwe wokwatiwa ndi mnzake wa ku Lilongwe ndi wochepa poyerekeza ndi wa mayi wa ku Lilongwe wokwatiwa ndi munthu wa ku Soweto? Ngati ntchito ndi gawo la umunthu monga makhoti ananenera, boma lisadikire kuti wina alisumirenso kuti lichite chinthu choonekeratu.

Ife Amalawi nkhani imeneyi imatikhudza pabala lakale. Agogo athu anapita ku Joni kudzera ku mabungwe olemba anthu opita kumigodi a Wenela, pambuyo pake Theba, kukakumba golide m'migodi. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970 Amalawi oposa 100,000 ankagwira ntchito m'migodi imeneyo. Mgwirizano wake unali womveka: tikufuna mikono ya mwamuna, mkazi ndi ana atsale kumudzi. Amuna ankagona m'makomboni a amuna okhaokha, akazi ankalima okha ndi kulera ana okha, kudikira kalata ndi bulangete. Ena anabwerera ndi njinga ndi wailesi, ena ndi chifuwa cha fumbi la mumgodi, ena sanabwerere konse, anakhala matchona. Mu April 1974 ndege ya Wenela inagwa ku Francistown m'dziko la Botswana n'kupha Amalawi oposa 70 amene ankabwerera kwawo, ndipo Dr Kamuzu Banda anaimitsa ntchito yolemba anthu opita kumigodi. Mabanja ambiri m'dziko muno mpaka lero ali ndi nkhani ya gogo amene anakalamba akudikira mwamuna wa ku Joni.

Anthu akuda a ku South Africa nawo akulidziwa bala limeneli kuposa ife. Pa nthawi ya tsankho, malamulo a mapasi ankalola mwamuna kugwira ntchito m'tauni koma mkazi wake ankathamangitsidwira kumidzi yosankhidwira anthu akuda. Zinatengera mlandu wa Komani mu 1980 kuti khoti livomereze mayi wina kukhala ndi mwamuna wake mu mzinda wa Cape Town. Sindikunena kuti viza yoperekeza ya lero ndi chimodzimodzi ndi pasi ya nthawi ya tsankho. Lero mkazi amaloledwa kubwera, ndipo kumeneko n'kusintha kwakukulu. Koma maganizo amene ali pansi pa lamuloli ndi akale omwe aja, akuti mwa mlendo dziko litengemo chimene likufuna, kale mikono, lero mpamba, ndipo ena onse a m'nyumba mwake ndi mtolo wongopirira nawo. Dziko limene linalimbana ndi maganizo amenewa kwa zaka zambiri liyenera kukhala loyamba kuwazindikira akabwera atavala suti.

Tsopano ndiyankhe amene akutsutsa, chifukwa mfundo zawo si zachibwana. Yoyamba ndi ulova. Ku South Africa anthu oposa 30 pa 100 alionse ofuna ntchito alibe ntchito, ndipo pakati pa achinyamata zinthu n'zoipa koposa. Mkwiyo wa anthu osowa ntchito tinauona mu 2008, mu 2015 ndi mu 2019, pomwe alendo, kuphatikizapo Amalawi, anamenyedwa, kuotcheredwa katundu, ena kuphedwa. Ndale za dzikolo sizilola nduna kuoneka ngati ikugawa ntchito kwa alendo. Ndikumvetsa. Koma tikunena za ndani? Tikunena za mkazi kapena mwamuna mmodzi wa munthu amene lamulo lamukakamiza kale kubweretsa R5 miliyoni ndi kulemba nzika zambiri kuposa alendo. Banja limeneli labweretsa ntchito, silinalande. Mayi uja akaloledwa kugwira ntchito alipira msonkho. Akatsegula kabizinesi kake alemba wina womuthandiza. Mnyamata wa ku Alexandra wosowa ntchito sapindula kalikonse chifukwa choti akauntanti wa ku Blantyre wakhala m'fulati osachita kanthu.

Ndiponso lamuloli limathamangitsa anthu omwewo amene dziko likuwaitana. Masiku ano mabanja ambiri a anthu ophunzira ndi a anthu awiri ogwira ntchito. Munthu amene ali ndi mpamba woti asankhe pakati pa Johannesburg, Nairobi, Dubai ndi London sasankha yekha, amakhala pansi ndi mkazi wake. Funso loyamba la mkaziyo limakhala lakuti, "Nanga ine ndikatani kumeneko?" Yankho likakhala lakuti akakhala pakhomo zaka zitatu, mabanja ena amasankha kwina, ndipo ntchito zimene zikanabwera zimapita nawo. Ena amagawana, bambo kutsogola, mayi kutsala ndi ana, ndipo tabwereranso ku moyo wa Wenela. Makolo athu ankati mlendo ndi amene amabwera ndi kalumo kakuthwa. M'nyumba zambiri kalumo kakuthwa kali ndi mayi, namwino, mphunzitsi wa sayansi, dokotala wa mano, maluso amene South Africa imadandaula kuti akusowa.

Mfundo yachiwiri ndi ya maukwati abodza, akuti anthu azikwatirana papepala kuti apeze chilolezo cha ntchito. Chinyengo chotere chilipo, koma mankhwala ake ndi kufufuza, osati kulanga aliyense. Boma limafuna kale setifiketi ya ukwati, ndipo kwa anthu okhalira limodzi popanda ukwati wolembetsa limafuna umboni woti akhala limodzi zaka zosachepera ziwiri, ndi pangano losainidwa pamaso pa loya wovomerezeka. Ngati umboni umenewu ndi wokwanira kumulowetsa munthu m'dziko zaka zitatu, ndi wokwaniranso kumulola kugwira ntchito. Ndipo ndani angasonkhanitse R5 miliyoni, kudutsa ku unduna wa zamalonda ndi kwa akauntanti wovomerezeka, cholinga chake chili kupezera munthu wina ntchito ya ukalaliki? Amene akufuna kuzembera malamulo ali ndi njira zotchipa kuposa imeneyi.

Maiko ena anayesa kale njira imene ndikunenayi ndipo thambo silinagwe. Ku Britain, mkazi kapena mwamuna wa munthu wolowa pa viza ya Innovator Founder kapena ya Skilled Worker amaloledwa kugwira pafupifupi ntchito iliyonse. Ku America, akazi ndi amuna a anthu olowa pa maviza a E ndi L, omwe ndi a oika mpamba ndi a mabwana osamutsidwa ndi makampani awo, analoledwa ndi lamulo kugwira ntchito kuyambira 2002, ndipo kuyambira November 2021 chilolezocho chimabwera limodzi ndi viza yomweyo. Maiko amenewa si angelo. Britain yomweyo mu March 2024 inaletsa osamalira okalamba ndi odwala kubwera ndi mabanja awo, chinthu chimene chapweteka anthu ambiri a kuno kum'mwera kwa Africa. Koma pa nkhani ya anthu a bizinesi anazindikira kuti sungaitane theka la banja.

Wina anganene kuti ndikulirira anthu olemera, pomwe Amalawi ambiri a ku Joni amalowa ndi masiku 30 a pachidindo cha pasipoti, n'kumagwira ntchito m'minda ya maluwa, m'makhitchini ndi m'mashopu, ambiri opanda mapepala. N'zoona kuti mavuto awo ndi aakulu kuposa awa. Koma viza yoperekeza yomweyi ndi imene amapatsidwa akazi ndi amuna a Amalawi olowa pa viza ya ntchito, aphunzitsi a m'mayunivesite, mainjiniya, madokotala. Ndipo momwe dziko limachitira ndi banja la mlendo amene lamuitana lokha ndi chizindikiro cha momwe lingachitire ndi ena onse. Ngati mkazi wa munthu wobweretsa mamiliyoni sawerengedwa ngati munthu woima payekha, mkazi wa wolima maluwa angayembekezere chiyani? Kukonza pamwambapa sikuchotsa kanthu kwa apansi. Kumakhazikitsa mfundo imene mawa idzawateteza iwonso.

Tisaloze chala ku Pretoria kokha. Kuno kwathu lamulo la zolowa ndi kutuluka ndi la 1964, chaka chimene tinalandira ufulu. Mlendo woika mpamba wake m'dziko muno amapempha Business Residence Permit ya zaka zisanu, ndipo mlendo aliyense wofuna kulembedwa ntchito amafunika Temporary Employment Permit yakeyake, yopemphedwa ndi bwana womulemba. Mkazi wa munthu wa ku Zambia kapena wa ku Kenya amene watsegula fakitale ku Kanengo ndi munthu ngati mlongo wathu wa ku Johannesburg uja. Malamulo oyendetsera dziko lathu, mu ndime 22, amati banja liyenera kutetezedwa, ndipo mu ndime 29 amapatsa munthu aliyense ufulu wogwira ntchito ndi kudzipezera zofunika pamoyo. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Ngati tikufuna kuti ana athu aakazi alemekezedwe kunja, aphungu athu ayambe ndi kulemba momveka m'lamulo lathu kuti mkazi kapena mwamuna wa mwini chilolezo cha bizinesi ali ndi ufulu wogwira ntchito.

Palinso ntchito ina imene ili m'manja mwathu. Maukwati ambiri a Amalawi amamangidwa ndi ankhoswe pachinkhoswe, ndipo lamulo lathu la maukwati la 2015 limawavomereza. Koma kalaliki wa maviza sadziwa ankhoswe, amadziwa pepala. Banja limene lakhala zaka 20 ndi kubereka ana anayi litha kukanika kutsimikiza kuti ndi banja chifukwa silinalembetse. Maofesi a boma afewetse kulembetsa ukwati wa mwambo ndi kupereka zikalata za kubadwa kwa ana, ndipo mabanja amene akuganiza zosamuka akonze zimenezi asanagule tikiti. Kwa amayi ndikuti: pasipoti yanu muzisunga nokha, mudziwe tsiku limene viza yanu ikutha, masatifiketi anu a sukulu munyamule, ndipo ngati ndalama zanu zalowa mu mpamba, dzina lanu lilembedwe pa mapepala a kampani. Kutero si kukayikira mwamuna wanu. Mwamuna wokukondani ayenera kukhala woyamba kukuuzani zimenezi.

Chimene ndikupempha ku South Africa si chachikulu. Choyamba, viza yoperekeza mwini viza ya bizinesi kapena ya ntchito izibwera ndi chilolezo chogwira ntchito ndi kuchita bizinesi, chotha tsiku limene viza ikutha, popanda pempho lachiwiri. Chachiwiri, ukwati ukatha, mwini viza akamwalira kapena bizinesi ikagwa, woperekeza apatsidwe nthawi yokwanira, mwina chaka, ali ndi ufulu wogwira ntchito, kuti ana amalize sukulu ndipo iye apemphe viza yakeyake kapena akonze ulendo mwaulemu. Chachitatu, wochitiridwa nkhanza m'banja athe kulekanitsa viza yake ndi ya womuzunzayo popanda siginecha ya munthu ameneyo. Palibe chimodzi mwa zitatuzi chimene chikutsegula malire kwa munthu amene sanaloledwe kale kulowa.

Maiko ena a SADC anasainirana pangano la kayendedwe ka anthu mu 2005, ndipo malonda a msika umodzi wa Africa anatsegulidwa pa 1 January 2021. Atsogoleri athu amakonda kulankhula za katundu wodutsa malire mosavuta. Koma malonda amachitidwa ndi anthu, ndipo anthuwo ali ndi mabanja. Unduna wathu woona za ubale ndi maiko ena, pamodzi ndi ofesi ya kazembe wathu ku Pretoria, aike nkhani imeneyi patebulo nthawi iliyonse akakumana ndi anzawo a ku South Africa, ndipo apite kumeneko atanyamula lamulo lathu lokonzedwa kale, kuti popempha asachite manyazi. Mabungwe a amalonda ndi a ufulu wa amayi a maiko awiriwa alembere limodzi nduna ya Home Affairs. Kusintha kumeneku sikufuna ndalama za boma, kukufuna cholembera ndi kulimba mtima, ndipo mayi amene anagulitsa nyumba yake kuti bizinesi itsegulidwe ku Johannesburg wadikira mokwanira.